Momwe mungamvetsere mneni wa Chingerezi "get" popanda kuloweza matanthauzo ake onse

Mneni "get" ali ndi zilembo zitatu zokha, koma amazunguza mutu ngakhale anthu amene anakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a MSCE. Ambiri kusukulu tinangouzidwa kuti "get" ndi kupeza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye munthu akamva mnzake akuti "It's getting dark" amayamba kudabwa kuti n'chiyani chimene chikupeza mdima, pamene mnzakeyo akungonena kuti kunja kukuda. Wina akati "I got to Mzuzu at six" palibe chimene wapeza, wangofika ku Mzuzu 6 koloko.

Mukati muloweze matanthauzo onse amene ali mu mtanthauziramawu mutopa musanafike pakati. Njira yachidule ndi iyi: tanthauzo la "get" limadalira mawu amene akumutsatira. Mukazolowera kuyang'ana mawu otsatirawo, mbali yaikulu ya vutoli yatha.

Poyamba, dziwani maonekedwe ake ndi katchulidwe kake

Maonekedwe ndi ochepa: "get", "gets", "getting", "got". Pa "getting" zilembo "t" zimakhala ziwiri. Nthawi yakale ndi "got", ndipo palibe mawu oti "getted". M'Chingerezi cha ku Britain, chimene masukulu athu amatsata, amati "I have got". Ku America mumvanso "gotten", monga "She has gotten a job", kutanthauza kuti wapeza ntchito. Mawu amenewa si olakwika, ndi akale kwambiri ndipo mchira wake ukuonekabe mu "forgotten", koma pa pepala la MANEB lembani "got".

Pa katchulidwe samalani zinthu ziwiri. Chilembo "g" n'cholimba ngati cha mu "galu", osati ngati cha mu "general". Chifukwa chake n'chakuti mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku chinenero cha ma Viking, anthu a kumpoto kwa Ulaya amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England m'zaka za m'ma 800, ndipo iwo ankati "geta". Chachiwiri, ife timakonda kumaliza mawu ndi lembo laliwu, motero lilime limathamangira kunena kuti "geti". Geti ndi chipata cha pampanda. Dulani mawuwo pa "t", ndipo "e" akhale wamfupi, kuti "get" asamamveke ngati "gate".

Kenako yang'anani: kodi chotsatira ndi dzina la chinthu?

Ngati "get" akutsatiridwa ndi dzina, chinthucho chikubwera m'manja mwa munthu. Mmene chikubwerera ndi zimene nkhaniyo imakuuzani. "I got a letter" ndi kulandira kalata. "He got a job at the mill" ndi kupeza ntchito kuchigayo. "Where did you get those shoes?" akukufunsani kumene munagula nsapatozo. "She got malaria" ndiye kuti anadwala malungo. "I got six points" ndi mapointi a mayeso.

Tanthauzo limene anthu ambiri amaliphonya ndi la kukatenga. Amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Johannesburg kapena ku Cape Town amalimva tsiku lililonse. Bwana akati "Please get the children from school" akukutumani kuti mukatenge ana kusukulu. "Get me a chair" ndi kuti ndibweretsereni mpando. Onani kuti munthu wolandirayo amabwera poyamba, chinthu pambuyo, popanda kamawu kena pakati: "get me a chair". Mukafuna kutembenuza, mugwiritse ntchito "for": "get a chair for me".

Palinso kachiganizo kakuti "I'll get it". Foni ikamalira kapena wina akamagogoda pakhomo, wonena mawuwa akuti khalani, ndiyankha ndine. Koma mukakhala pamalo odyera, bilu itabwera, mnzanu n'kunena kuti "I'll get this", bwezani chikwama m'thumba, akulipirirani.

Ngati chotsatira ndi mfotokozi, chinthu chikusintha

Apa ndi pamene Chichewa ndi Chingerezi zimasiyana kwambiri, ndipo mukamvetsa pano mwamvetsa zambiri. Ife tili ndi aneni amene amanena okha za kusintha: kutopa, kukalamba, kunenepa, kukwiya, kunyowa, kuzizira, kulemera. Chingerezi m'malo ambiri otere chili ndi afotokozi basi, "tired", "old", "fat", "angry", "wet", "cold", "rich", ndipo afotokozi sayenda okha. Kuti asonyeze kusintha amafunika "get".

Motero kutopa ndi "get tired", kukwiya ndi "get angry", kunyowa ndi "get wet", kukonzeka ndi "get ready". Nsima ikamazizira, "The nsima is getting cold". Agogo akamakalamba, "Grandmother is getting old". Wodwala akamapezako bwino, "He is getting better", ndipo matenda akamakula, "He is getting worse".

Msampha uli pa mawu athu oti "ndatopa". M'Chichewa mawu amodziwa amanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti kutopa kunandifikira, ndiponso kuti panopa ndili wotopa. Chingerezi chimazilekanitsa. Mmene mulili panopa ndi "I am tired". Kusintha kumene kunachitika ndi "I got tired". Ndiye mukafika kunyumba madzulo mutalema, nenani "I am tired". Mukamafotokoza za ulendo wa dzulo wokwera phiri la Mulanje, mmene miyendo inayambira kulemera muli pakati pa njira, nenani "I got tired halfway". N'chimodzimodzi "ndakwiya", "ndakhuta", "wadwala": dzifunseni ngati mukunena za mmene zinthu zilili kapena za nthawi imene zinasinthira.

Onjezerani pomwepa "get used to", kuzolowera. Mneni wotsatira amatenga "-ing": "I am getting used to waking up early". Ambiri amalemba "to wake" poganiza kuti "to" nthawi zonse amafuna mneni wosasinthidwa. Pano ayi.

Ngati chotsatira ndi malo, munthu akufika

"Get to" ndi kufika. "How do I get to Kamuzu Central Hospital?" ndi funso la munthu wofuna njira. "We got to Zomba before noon." Mawu ena sakufuna "to", monga "home", "here" ndi "there". Mumati "I got home late", osati "I got to home". Basi, pano palibenso zina.

Ngati chotsatira ndi mneni wa nthawi yakale, china chamuchitikira munthu

Kumbukirani msintho wochitidwa wa mu phunziro la Chichewa: kugwira, kugwidwa, kulipira, kulipidwa, kumenya, kumenyedwa. Pa Chingerezi cholankhula, "get" amagwira ntchito ya "-idwa" ndi "-edwa" ameneyu. "He got caught" ndi kuti anagwidwa. "We get paid on the 27th" ndi kuti timalipidwa pa 27. "My phone got stolen" ndi kuti foni yanga inabedwa. Mukhoza kunenanso "was caught" kapena "was stolen", koma "got" amakonda kubwera pa zinthu zogwa mwadzidzidzi, kawirikawiri zosasangalatsa. N'chifukwa chake si kawirikawiri kumva munthu akuti nyumba "got built in 1964". Pamenepo amati "was built".

Pali ena a m'gulu lomweli amene munthu amadzichitira yekha: "get dressed" kuvala, "get lost" kusochera, "get married" kulowa m'banja. Pa ukwati pali zinthu ziwiri zoti musunge. Chingerezi sichisiyanitsa kukwatira ndi kukwatiwa, mwamuna ndi mkazi yemwe amati "I got married". Ndiponso chifukwa ife timati anakwatiwa ndi mphunzitsi, "ndi" ameneyu amatikokera kunena "with". Cholondola ndi "She got married to a teacher".

Chinthu kapena munthu akaikidwa pakati, pali kuchititsa

Gawo ili ndimalikonda chifukwa Chichewa chimatithandiza kwambiri. Tili ndi msintho wochititsa: kukonza, kukonzetsa, kusoka, kusoketsa, kumeta, kumetetsa. Mukapita ndi njinga kwa makaniko simunena kuti ndakonza njinga, mumati ndakonzetsa. Chingerezi chimanena zomwezi poika chinthucho pakati pa "get" ndi mneni wa nthawi yakale. "I got my bicycle fixed", ndakonzetsa njinga. "She got a dress made", anasoketsa diresi kwa telala. "I need to get my hair cut", ndikufuna kukametetsa. "Get the maize milled", kagayitseni chimanga.

Amene sanazolowere amati "I cut my hair yesterday", ndipo mwini chinenero amaona m'maganizo mwake munthu ali pagalasi ndi sizasi akudzimeta yekha. Nthawi iliyonse imene m'Chichewa mukanaika "-itsa" kapena "-etsa", ganizani za kalembedwe aka.

Mukafuna kutchula munthu amene wagwira ntchitoyo, muikeni pakati, kenako "to" ndi mneni: "I got my brother to carry the bag". Apa pali kafungo ka kunyengerera, kuti mchimwene wanuyo poyamba sankafuna koma mwamugonjetsa. Mukati "I made my brother carry the bag" ndiye mwamukakamiza, ndipo "to" kulibe. Kusiyana kumeneku n'kofunika polankhula ndi akuluakulu a kuntchito. Kunena kuti "I got the manager to sign" kumamveka bwino. "I made the manager sign" kumamveka ngati munamugwira pakhosi.

Pakakhala palibe munthu pakati, "get to" ndi mneni amatanthauza kupeza mwayi: "I got to see the lake", ndinapeza mwayi woona nyanja. "Get to know someone" ndi kuyamba kudziwana naye pang'onopang'ono.

Patulani "have got" pambali

Ameneyu amaoneka ngati wa nthawi yakale koma sali. "I have got two children" akungotanthauza kuti ndili ndi ana awiri, panopa, chimodzimodzi "I have two children". Polankhula amafupikitsa kuti "I've got", "she's got". Funso lake ndi "Have you got change?" ndipo yankho ndi "Yes, I have" kapena "No, I haven't". Musayankhe "Yes, I've got" n'kusiyira pomwepo, chiganizocho chimakhala cholendewera. Pa nthawi yakale "got" amachoka: ndinali ndi njinga ndi "I had a bicycle".

Mukaonjezera "to" tanthauzo limasanduka kuyenera. "I've got to go" ndi kuti ndiyenera kupita. Mu nyimbo ndi m'mafilimu mumva "I gotta go", zomwe ndi mawu omwewa otafunidwa. Amveni, koma musawalembe m'kalata kapena pa mayeso.

Tsopano tiwerengere timawu ting'onoting'ono

Timawu monga "up", "on", "off", "in", "out", "over", "by" tikaphatikana ndi "get" timapanga aneni atsopano. Awa okha ndi amene muyenera kuloweza, koma alowezeni m'magulu, osati mwa ndondomeko ya afabeti.

Yambani ndi a paulendo chifukwa muwagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Pa basi, sitima, ndege, njinga ndi njinga yamoto, kukwera ndi "get on" ndipo kutsika ndi "get off". Pa galimoto laling'ono ndi takisi, kulowa ndi "get in" kapena "get into", kutuluka ndi "get out of". Chokuthandizani kukumbukira n'chakuti chimene mungaimirire m'kati mwake kapena kuchikhalira pamwamba chimatenga "on", chimene mumachita kuwerama kuti mulowe n'kufikira pampando chimatenga "in". Wa kabaza mumamuuza kuti "I'll get off at the market". Minibasi ili pakati, mumva ena akuti "get on", ena "get in", ndipo palibe amene angakudzudzuleni.

Kuno kwathu timakonda kunena kuti "I'm dropping at Ginnery Corner" tikafuna kutsika. Kondakitala wa pa msewu wa Limbe akumvani bwinobwino, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ndi Chingerezi chathu. Koma mukakhala m'basi ya ku Manchester, kapena mukamalemba chimangirizo, nenani "I'm getting off at the next stop". Kwa iwowo wokwera satsika ndi "drop"; dalaivala ndi amene amachita "drop" munthu: "Drop me at the corner".

Gulu lachiwiri ndi la m'nyumba: "get up" kudzuka kapena kuimirira, "get back" kubwerera, "get out" kutuluka. Samalani ndi "Get out!" akanenedwa yekha, ndi kuthamangitsa munthu, monga kunena kuti choka. Mlendo mumamuuza m'njira ina.

Gulu lachitatu ndi limene tanthauzo lake simungaliganizire nokha. "Get on with someone", kapena "get along with" monga amakondera ku America, ndi kugwirizana naye: "I get on well with my mother-in-law", ndimagwirizana ndi apongozi anga. Koma "get on with your work" ndi kuti pitirizani ntchito, siyani zocheza. Kusiyana kuli pa chotsatira, munthu kapena ntchito. "Get over" ndi kuchira, kaya ku matenda kaya ku chisoni: "She never got over her husband's death". "Get by" ndi kukwanitsa movutikira, moyo wa mwezi ukafika pakati malipiro atatha: wina akakufunsani za moyo, "We're getting by" ndi yankho lofanana ndi lathu lija loti tikuyesera. "Get away with" ndi kuchita choipa osalangidwa. "Get through" ndi kudutsa m'nyengo yovuta, komanso kuti foni yalowa: "I couldn't get through", ndinaimba koma sinkalowa. "Get rid of" ndi kuchotsa chinthu chimene simuchifunanso, kaya anankafumbwe m'chimanga kaya mipando yothyoka.

Lamulo limodzi la kayalidwe: pa ena mwa aneniwa mlowam'malo amalowa pakati. Mumati "I got my money back" ndi "I got it back", osati "I got back it". Koma "get over" sang'ambika, amati "get over it". Mukalemba mneni watsopano m'kope lanu, mulembe ndi "it" pamalo pake, kuti mulowezere pamodzi.

Zining'a zimene mudzakumana nazo

"I get it" ndi kuti ndamvetsa, "I don't get it" ndi kuti sindikumvetsa, makamaka nthabwala kapena mfundo. Pafoni ife timati "Are you getting me?" pofunsa ngati mawu akumveka. Kwa munthu wa ku Britain funsoli limamveka ngati mukumufunsa ngati nzeru zake zikukutsatani. Ngati vuto ndi netiweki, nenani "Can you hear me?"

"Get the sack" ndi kuchotsedwa ntchito. "Get on my nerves" ndi kunditopetsa kapena kundinyansa ndi khalidwe. "Get cold feet" sizikhudza mapazi, ndi kuchita mantha nthawi itayandikira, monga mkwati amene akuyamba kuzengereza chinkhoswe chitachitika kale. "Get the hang of it" ndi kuyamba kuchidziwa chinthu pochichita, ngati kupalasa njinga. "Get wind of" ndi kumva mphekesera za chinsinsi. "Get carried away" ndi kutengeka mpaka kupyola muyeso. "Get a move on" ndi kuti fulumirani, ndipo "Let's get going" ndi kuti tiyeni tizipita. Mukafunsa munthu funso n'kukuyankhani kuti "You've got me there", akuvomereza kuti yankho salidziwa.

Ziwiri izi muzidziwe kuti muzizipewa. "Get lost!" pomuuza munthu si kumufunira kusochera, ndi chipongwe chomuthamangitsa. "Get a life" ndi kumunyoza kuti amataya nthawi pa zachabechabe. Muziona kwambiri pa Facebook, ndipo zikhale komweko.

Zining'a sizisinthidwa mawu. Simunganene "get cold legs" kapena "get the bag" n'kuyembekeza kuti akumvani. Ngati simukukumbukira bwino, nenani mwachindunji: "He was afraid", "She lost her job". Ine ndimaona kuti ndi bwino kuzimva zonse koma kugwiritsa ntchito zochepa, chifukwa munthu wothira zining'a m'chiganizo chilichonse amatopetsa m'chinenero chilichonse.

Dziwani pamene muyenera kumusiya

"Get" ndi wa pakamwa, wa pa WhatsApp, wa kalata ya kwa mnzanu. M'kalata yofunsira ntchito, mu lipoti, kapena m'chimangirizo cha mayeso, m'malo mwake muike mneni weniweni. "I got your letter" akhale "I have received your letter". "I got my certificate in 2019" akhale "I obtained my certificate in 2019". "It got worse" akhale "It became worse". "We got there" akhale "We arrived". "I got a new phone" akhale "I bought a new phone". Sikuti "get" ndi woletsedwa polemba, koma akachuluka olemba ntchito amaona ngati mawu anu ndi ochepa. Mbali inayo ilinso ndi vuto lake: kuuza mnzanu pa bawo kuti "I obtained some bananas" kumaseketsa.

Yeserani motere

Tengani kope, mulembe tsiku lanu lonse m'ziganizo khumi, chilichonse chikhale ndi "get". Mwachitsanzo: "I got up at five. I got dressed. I got on a minibus. It got stuck in traffic. I got to work late. My boss got angry. I got my shoes repaired at lunch. I got a message from home. I got paid. I got home after dark." Pambali pa chiganizo chilichonse lembani mtundu wa mawu otsatira, kaya dzina, mfotokozi, malo, mneni wa nthawi yakale kapena kamawu kakang'ono, kenako tanthauzo lake m'Chichewa. Muona kuti m'ziganizo khumizi Chichewa chagwiritsa ntchito aneni osiyanasiyana: kudzuka, kuvala, kukwera, kufika, kukwiya, kusoketsa, kulandira, kulipidwa.

Tsiku lotsatira lembaninso ziganizo zomwezo mukuchotsa "get" paliponse pamene zingatheke, ngati mukulembera ofesi. Pamene akukana kuchoka, musiyeni.

Ikatha ntchito ya m'kope, tcherani khutu. Pa wailesi ya BBC kapena pa ndemanga za mpira wa Premier League "get" amabwera pafupipafupi: "He's got to get the ball forward", "They got away with that one". Mukamumva musaime kuti mumasulire chiganizo chonse, gwirani mawu amodzi otsatirawo ndipo mudzifunse gulu lake. Amene wakukanikani mulembeni ndi chiganizo chake chonse, osati yekha, kuti mukamufufuze madzulo.